Khutu la a Lackson ndi Phazi Langa

Mukafika pa Chitakale n'kufunsa munthu aliyense wa imvi kuti makaniko weniweni kuno ku Mulanje anali ndani, sachedwa kuyankha: a Lackson Namakhwa. Ndiye mufunsenso kuti nanga a Pilato bwanji, muone mmene akandire m'mutu. "A Pilato... oo, alamu awo a Lackson aja?" Basi, mbiri yanga yathera pomwepo. Zaka makumi atatu ndinasambira m'girisi, satifiketi ya giredi wani ili pakhoma mpaka lero, koma dzina langa ndi "alamu awo". Zimandiwawa, sindibisa ayi. Pilatoyo ndine, ndipo nkhani ya munthu ameneyu ndiikamba ndekha, chifukwa ena akamaikamba amachulutsa shuga.

A Lackson anabadwira cha ku Muloza, makolo awo atangowoloka kuchokera ku Milange. Sukulu analekeza Sabu B, kalasi yachiwiri ya nthawi imeneyo, ndipo iwo eni ankati ngakhale Sabu B-yo ankapitira mpira. Kulemba ankadziwa dzina lawo lokha, nalonso "k" wake ankayang'ana kumbuyo. Ntchito yawo yoyamba pa esiteti ya tiyi inali yosenza nkhuni za kufakitale. Tsiku lina lole yonyamula masamba ikudutsa, iwo anatula mtolo, n'kupendeketsa mutu ngati nkhuku yamva kabawi, n'kuuza dalaivala kuti, "Achimwene, galimoto yanuyi sifika pamlatho." Dalaivala anawatukwana. Lole inafadi isanafike pamlatho. Dalaivala uja anabwerera wapansi akufuula kuti wosenza nkhuni wamulodza, koma folomani wa garaja, a Bizwick, anangofunsa funso limodzi: "Unamva chiyani?" A Lackson anayerekeza phokosolo ndi pakamwa. M'mawa mwake anapatsidwa ovolosi.

Mu 1971 anakwatira mlongo wanga Alefa. Ine nthawi imeneyo ndinali ku Blantyre, kusukulu ya ntchito zamanja. Ndinabwerako patapita zaka zitatu ndi satifiketi, buku lalikulu la injini, ndi tayi. Ndinkati ndikadzalowa m'garaja ya pa esiteti anthu adzaimirira. Anaimiriradi, kuti aone bwino tayiyo.

Ntchito imene inawatchukitsa alamu anga ndi taimingi. Kwa inu amene simunagwirepo sipanala, zili chonchi. M'kati mwa injini pisitoni imakwera ikufinya petulo ndi mpweya, ndipo pulagi imathetheka moto kuti ziphulike n'kuikankhira pansi. Moto umenewo uli ndi nthawi yake, monga amayi awiri osinja mumtondo umodzi: wina akatsitsa musi mnzake asanachotse wake, misi imawombana. Moto ukachedwa, galimoto imakhala yaulesi, imangomwa petulo n'kumatentha. Ukafulumira pang'ono, galimoto imadzuka. Ukafulumira kwambiri, umamenya pisitoni pamutu ikadali kukwera, ndipo mumamva kaphokoso ngati timiyala m'chitini. A Lackson kaphokoso kameneko ankati "kukukuta mano". Chimene chimagawa motowo ndi disitibyuta. Ukamasula bawuti yake n'kuipotozera uku, moto ufulumira. Ukaipotozera uko, uchedwa.

Ine ndinkachuna ndi tochi yake ya taimingi, yothwanima ija, ndi manambala a m'buku. Iwo ankachuna ndi khutu. Ndipo khutulo ankalisamala kuposa nsapato za kutchalitchi. Akamalowa m'fakitale ankatseka makutu ndi thonje, kumowa kwa ng'oma sankapondako, wailesi kwawo inkanong'ona. Tinkawaseka, koma madalaivala ankandidutsa ine ngati chitsa. Munthu ndamuchunira galimoto ndi tochi, bwinobwino, mawa lake umupeza kuseri kwa garaja akunong'oneza kuti, "A Lackson, tangoimverani pang'ono." Iwo n'kupotoza kadontho chabe, mwini wake n'kuchoka akumwetulira ngati wapatsidwa injini yatsopano. Asa!

Musaganize kuti sindinayese. Masana anzanga akapita kukadya, ndinkaliza injini mobisa, n'kuika sukuludiraiva yaitali pakhutu monga ankachitira iwo. Ndinkangomva chiphokoso basi, ndi mtima wanga ukugunda. Kunja kwa garaja zinali zomwezo. Ayufi ofunsa makadi a chipani pakhomo la msika ankawalola a Lackson kudutsa asanapise n'komwe m'thumba, poti anawadzutsirapo galimoto itafera panjira, pamene ine ndinkachita kuvula chipewa n'kufufuza matumba onse. Ngakhale mayi anga ondibereka anandiuzapo pamaso kuti, "Iwe Pilato unapita kusukulu, koma nzeru zili ndi akamwini." Tsiku limenelo kalongonda ndinamusiya m'mbale.

Choipa kwambiri n'chakuti munthuyo analibe matama. Ukadana ndi munthu wodzitama, anthu amakumvetsa. Nanga wofatsa, wokupatsa moni wa "Mosheliwa, alamu" m'mawa uliwonse, wokunyemera chinangwa chake chootcha? Nsanje yanga inalibe pogwira, ndiye inkangondidya ndekha.

Chinthu chimodzi chokha ndinali nacho chimene iwo analibe: maso a pepala. Chilichonse cholembedwa ankabwera nacho kwa ine, kaya chiphaso cha kuchipatala, kaya malemba a pakatoni ya mapulagi. Makamaka makalata ochokera kutsidya. Nkhondo ya ku Mozambique itafika ku Milange mu 1986, mlongo wawo Sabina anasowa ndi ana ake awiri, ndipo achibale akapeza wapanjinga wodutsa pa Muloza ankatumiza kakalata. A Lackson ankabwera nako Lamulungu masana, atakagwira ndi manja awiri. "Maso anga, tandionerani apa." Ankanditchula choncho, maso anga. Ine ndinkavala magalasi, n'kuyamba ndatsokomola, n'kuwerenga pang'onopang'ono kuti adikire. Makalata onse ankanena chimodzimodzi, kuti Sabina sanaoneke. Iwo ankapinda kalatayo n'kuthokoza. Ndikuuzeni zoona, nthawi yokhayo ndiyo ndinkadzimva wamkulu kuposa iwo, ndipo ndinkaikonda, ngakhale uthenga unali wachisoni.

Mu 1989 a Bizwick analengeza kuti akupuma pa ntchito kumapeto kwa Okutobala. Ufolomani sunali dzina chabe. Unali ndi nyumba yake ya njerwa, ya magetsi ndi mpopi m'kati, pamene ife tonse tinkakhala m'malaini, zipinda ziwiri, chimbudzi chimodzi mabanja asanu. Mkazi wanga Lines anali atasoka kale makatani mumtima mwake. Oyenera tinalipo awiri, ine ndi alamu anga, ndipo wosankha anali manijala watsopano, mzungu amene Chichewa chake chonse chinali liwu limodzi, ndiye tinkangomutcha Bwana Fulumira.

Bwana ameneyu anabwera ndi galimoto yakeyake yochokera kunja, yofiira, ya petulo koma ya tebo. Tebo tinkaidziwa pa mathirakitala a dizilo, koma pa galimoto ya mapulagi tinali tisanaionepo. Ndi chinkhono chachitsulo chimene utsi umachizunguza, icho n'kumauzira mpweya wambiri m'injini ngati mvukuto. Ukaponda faya imayamba yaimba kamluzu, kenako imakukankha kumsana. Galimotoyo inapita ku garaja ina ku Blantyre chifukwa inkadontha oilo, ndipo kumeneko anazula disitibyuta n'kuibwezera mwachisawawa. Inabwerako yaulesi ngati ng'ombe ya ngolo.

Lolemba m'mawa Bwana Fulumira analowa m'garaja makiyi ali m'manja. Ine ndinali pafupi ndi khomo, ndinapukuta ndi manja omwe kuti ndilandire. Anandidutsa. Anafunsa m'Chizungu kuti wa khutu uja ali kuti, ndipo womulozera ndinali ine ndemwe. Atatuluka, a Bizwick anandikokera pambali n'kunena motsitsa mawu: "Pilato, galimoto iyi ndiyo mayeso. Ikayenda bwino, nyumba ija ndi ya Lackson."

Tinatsegula boneti. Pambali pa disitibyuta pamakhala kachitini, ndipo kuchokera pakachitinipo pamapita kapaipi kakang'ono ka labala kukalowa m'injini. Pa magalimoto athu a pa esiteti, maLandirova ndi mapikapu, kapaipi kameneka kakang'ambika sitinkavutika nako. Katsopano kachokera kuti? Unkangokatseka ndi bawuti, n'kufulumizitsa moto pang'ono, galimoto n'kumayenda zaka. Aliyense ankatero, ndi ine ndemwe ndi satifiketi yangayo. Kapaipi ka galimoto ya bwana kanali kong'ambika, ndipo a Lackson anali atatola kale bawuti yotsekera. Ndi pamene anaona chipepala chachikasu chomatidwa kunsi kwa boneti.

"Maso anga, apa akuti chiyani?"

Ndinavala magalasi. Chipepalacho chinali ndi mizere isanu ndi iwiri. Chinapereka nambala ya taimingi, madigiri makumi awiri. Kenako, m'zilembo zikuluzikulu, chinachenjeza kuti galimoto isayende kapaipi kaja katatsekedwa kapena katang'ambika, chifukwa tebo ikayamba kuuzira, kapaipiko ndi kamene kamabweza moto m'mbuyo. Popanda iko, pisitoni ibooka. Ndinawerenga chamumtima kamodzi. Ndinawerenganso. Ndinayang'ana bawuti ili m'dzanja la alamu anga, ndipo m'mutu mwanga ndinaona utsi woyera ukufuka pachitunda, Bwana Fulumira atafiira, Lines akupachika makatani. Satana sachita kubwera ndi nyanga, abale, kwa ine anabwera ndi makatani.

"Akuti muzisintha oilo pa nthawi yake," ndinatero.

A Lackson anayang'ana pepala, n'kuyang'ana ine. "Mizere yonseyi, oilo yekha?"

"Chizungu chimazungulira, alamu."

"Oho." Anapendeketsa mutu monga ankachitira pomvera injini, chikhalirecho injini inali isanalizidwe. Kenako bawuti ija anaiponya m'thumba la ovolosi.

Anavula chivindikiro cha disitibyuta, anadula mbali yong'ambika ya kapaipi, n'kukaika pakamwa n'kuyamwa, monga timachitira tonse. Kambale ka m'kati, kosintha nthawi ya moto, kanasuntha kupita kutsogolo. Zimenezo n'zodziwika. Koma iwo anakhala chiimire akuyang'ana chinkhono chija. "Ichi sichiyamwa," anadziyankhulira okha, "ichi chimauzira." Anapita panjinga yawo, anamasula pampu, anailumikiza pakapaipi, n'kupopa kamodzi. Kambale kaja kanabwerera m'mbuyo. Anapopanso, kanabwereranso.

"Aa! Kanthu aka kali ndi ntchito ziwiri. Alamu, tabwerani muone, tikanapha galimoto ya eni ake!"

Ndinapita, ndinaona, ndinati, "Zodabwitsa." Zimene ine ndinawerenga m'Chizungu, munthu wa Sabu B anaziwerenga ndi pampu ya njinga. Ndinafuna kuluma sipanala.

Kapaipi katsopano anakatenga kwa a Doris, kalaliki wa sitolo ya zipangizo, n'kukamanga ndi waya mbali zonse ziwiri. Kenako anajambula timizere ta choko patsinde pa disitibyuta, totalikirana ngati kunenepa kwa kamtengo ka machesi, n'kubweza moto m'mbuyo kwambiri mpaka injini inkalira ngati yodwala malungo. Anatenga kachidutswa ka paipi ya kopa, anakaphwanya mbali imodzi ndi hamala n'kukamangirira pathupi pa injini. Mbali inayo analumikizako paipi yothirira maluwa, n'kuidutsitsa m'mphepete mwa boneti mpaka pawindo. Imeneyo inali ya kukhutu. Thanki anadzaza ndi petulo wa pa esiteti pomwepo, ati galimoto iyesedwe ndi chakudya chimene izidya masiku onse. Atatha zonsezo anakhala pansi.

"Tikudikira chiyani?" ndinafunsa.

"Dzuwa. Injini imanama m'mawa kukazizira. Tiifunse masana, thukuta lili kamukamu. Kuona maso a nkhono n'kudekha, alamu, ndipo iyi ndi nkhono ndithu."

Itakwana wani koloko, kunja kukuotcha monga kumachitira mu Okutobala, anandiponyera makiyi. "Muyendetsa ndinu, ine ndikhala pa paipi. Chitunda cha kuseri kwa fakitale chija, giya yachitatu, muponde faya mpaka pansi. Ndikakumenyani pabondo, phazi lichoke pomwepo. Osati kaye, osati chiyani. Iyi si Landirova yoti ikukuta mano mwezi wathunthu n'kumayendabe. Iyi ikayamba, mukawerenga mpaka faifi pisitoni yabooka."

Mwamva zimenezo? Munthu ndamunamiza m'mawa, masana akundipatsa mpeni n'kundilozera pakhosi pake.

Msewu wake umakwera pakati pa minda ya tiyi. Amayi othyola masamba anaweramuka ndi madengu kumsana kuti aone galimoto ya bwana ili ndi paipi ya maluwa pawindo. Ndinalowetsa giya yachitatu, ndinaponda. Kamluzu kanayamba, mpando unandikankha. Tili pakati pa chitunda, phaa! dzanja pabondo langa.

Sindinachotse phazi. Ndikunena poyera, ndakalamba, palibenso wondichotsa ntchito. Wani: ndinaona nyumba ya njerwa. Thuu: ndinaona madalaivala akubwera kwa ine zipewa zili m'manja. Firii: pamenepo mantha anandigwira. Osati chifundo ayi, mantha enieni, oti bwana adzafunsa kuti ankayendetsa ndani. Ndinachotsa phazi.

"Nsapato inakodwa pakapeti," ndinatero.

"Zimachitika," anatero a Lackson. "Tembenukani, tikayambirenso."

Injini inali bwinobwino. Pansi pa chitunda anatsika, anafulumizitsa moto kamzere kamodzi, anamanga bawuti, tinakweranso. Ndikanakhala ndi mutu tsiku limenelo ndikanadabwa kuti munthu wamva kukukuta, akupitiranji kutsogolo m'malo mobwerera. Koma nzeru zanga zonse zinali pabondo pamene panamenyedwa paja.

Tinakwera ndi kutsika, kukwera ndi kutsika. Ulendo uliwonse kamzere kamodzi kokha, ndipo asanapotoze ankayang'ana kaye geji ya kutentha, nthawi zina n'kuzula pulagi imodzi kuti aone mtundu wake. Galimoto inkadzuka pang'onopang'ono, mpaka chitunda chija chinayamba kuoneka chachifupi. Paulendo wachisanu ndi chimodzi, iwo atatsinzina, paipi ili kukhutu, phaa! Ulendo uno phazi langa linadumpha ngati laponda khala la moto, manyazi anali atandikwana.

"Yayamba kukukuta," anatero. Ine sindinamve kalikonse.

Anatsika n'kubweza moto timizere tiwiri, osati kamodzi monga tinkachitira pa magalimoto ena. Tinakwera kawiri konse, dzanja lawo silinachoke pa paipi. Anamanga bawuti n'kudonthezerapo penti yoyera kuti wina akadzagwirapo zidzadziwike.

Zikanathera pomwepo, ndikanafa ndi chinsinsi changa. Koma nsanje ilibe mabuleki. Titabwerera m'garaja ndinafuna ndipeze kolakwika ngakhale kamodzi, ndiye ndinatulutsa tochi yanga ya taimingi, ndinalumikiza, ndinaunika. Madigiri khumi ndi asanu ndi atatu. Mtima wanga unavina.

"Ha! Alamu, khutu lanu laphonya lero. Pepala lija likuti twente, inu mwaika eyitini!"

A Lackson anali akusamba m'manja ndi palafini. Sanatembenuke msanga.

"Pepala liti, alamu? La oilo lija?"

Mayo ine. Mwayi wake anzathu anali kunja, tinali awiriwiri. Ndinayang'ana dzenje lokonzera magalimoto, ndinalakalaka litandimeza ndi tochi yanga yomwe.

"Musavutike," anatero akupukuta zala chimodzichimodzi. "Ndinamva m'mawa. Inu mukamawerenga zoona mumayamba mwatsokomola. Lero simunatsokomole."

Ndinayamba kukulunga mawaya a tochi yanga.

"Ndipo pachitunda paja, ulendo woyamba, injini sinakukute ayi. Ndinali nditaibweza moti mukanaponda mpaka mawa sikanafa. Ndinkayesa phazi lanu. Linachedwa mpaka firii." Anakoleka nsanza pa msomali. "Mwa timizere tiwiri tija, kamodzi ndi ka dzuwa ndi petulo wathuyu. Kachiwiri ndi ka phazi. Bwana uja nayenso ndi munthu, tsiku lina adzamva kukukuta koma osachotsa phazi. Injini umaisiyira malo a mtima wa woyendetsa. Sindinkadziwa kuti ndisiye aakulu bwanji, mwandithandiza ndinu."

Akanandimenya ndi sipanala zikanakhala bwino. Ndikanapita kuchipatala, anthu akanandimvera chisoni. Koma iwo anangokwera njinga yawo n'kumapita kukadya.

Bwana Fulumira anaithamangitsa galimoto yake mpaka pa Muloza n'kubwerera akuimba. Lachisanu anatiitana ku ofesi, ine, alamu anga ndi a Bizwick. Ine ndinaitanidwa ngati womasulira. Bwana anati kuyambira pa 1 Novembala folomani ndi Lackson, ndipo mawu amenewo anatuluka m'Chichewa kudzera pakamwa panga. Liwu lililonse linkandikanda kukhosi ngati munga wa nsomba.

A Lackson anapinda chipewa chawo m'manja. "Muwauze bwana kuti ndathokoza kwambiri. Koma folomani amalandira mapepala tsiku ndi tsiku, ndipo ine maso ndilibe. Ndizidalira wina kuti andiwerengere, ndiye paja kandimverere anakanena za m'maluwa. Awapatse alamu angawa. Amawerenga bwino kwambiri, akafuna."

Ndinamasulira zonse, kupatula mwambiwo ndi liwu lomaliza lija. A Bizwick, amene ankamva ziyankhulo zonse ziwiri, anayang'ana kudenga.

Umo ndi mmene ndinapezera nyumba ya njerwa. Lines anapachika makatani ake, a maluwa achikasu. Ndinakhala folomani zaka khumi ndi chimodzi, ndipo tsiku lililonse ndikayatsa getsi ndinkadziwa kuti ndayatsa mphatso ya munthu amene ndinafuna kumugwetsa. Madalaivala anapitiriza kuzembera kuseri kwa garaja. Galimoto yofiira ija inayenda mpaka bwana anabwerera kwawo, pisitoni zake zonse zili zamoyo. A Lackson sanauze munthu, ngakhale Alefa, chifukwa mlongo wanga ndimamudziwa, akanabwera ndi mthiko. Moni wa m'mawa sanasiye, chinangwa ankandinyemerabe. Koma "maso anga" sindinamvenso. Katoni ya mapulagi ikabwera ndi malemba achilendo, ankaisenza mpaka kusitolo kwa a Doris. Ndinkati adzaiwala, ndi mwezi umodzi chabe. Sanaiwale.

Anapuma ntchito mu 1999, n'kutsegula kagaraja pansi pa mtengo wa mango pa Chitakale, ndipo anthu ankachoka ku Limbe kudzangoti awamverere injini. Atamwalira, madalaivala a minibasi anandanda mumsewu akuliza mahutala, ine ndinanyamula nawo bokosi. Koma ndikamawakumbukira sindiona maliro. Ndimaona Lamulungu lina la mu Novembala 1992, nkhondo itangotha kutsidya.

Ndinali pakhonde pa nyumba yanga ya njerwa masana. Ndinawaona akubwera kuchokera kumalaini, Alefa ali pambuyo, iwo atagwira envulopu ndi manja awiri monga kale. Ndinathamangira m'nyumba kukatenga magalasi. Ndinatulutsa mpando wachiwiri. Ndinatsokomola ndi kutsokomola komwe, mokweza, kuti amve. Anafika pampanda.

"Mwaswera bwanji, a folomani?"

"Ndaswera, alamu. Lowani, mpando uwu."

"Ayi, zikomo, tikungodutsa."

Anapitirira nyumba ziwiri, n'kugogoda kwa a Doris. Patapita kanthawi ndinamva nthungululu, mawu a Alefa. Kenako anthu akuthamanga, wina akufuula kuti Sabina wapezeka, ali moyo, ndi ana ake onse awiri. Makalata khumi ndi anayi onena kuti sanaoneke ndinawawerengera ine. Yonena kuti wapezeka anawerenga a Doris, munthu woti powerenga amaloza ndi chala, ndipo mpaka lero moni wawo ndimauyankha ndi mphuno.

Malaini onse anakhamukira kumeneko. Ine ndinatsala pakhonde, magalasi ali m'manja, mpando wopanda munthu uli pambali panga. Lines anakankha katani n'kusuzumira pawindo, n'kufunsa kuti kodi kwagwanji.